Kugulitsa mapulani opangira makina pa intaneti: zimene mmisiri wa ku Joni ayenera kuziganizira

Mu Johannesburg muno, kuyambira ku Turffontein ndi ku Mayfair mpaka ku Diepsloot ndi ku Cosmo City, muli Amalawi ambiri odyera ntchito za manja, ndipo pakati pawo pali owotcherera zitsulo ndi akalipentala amene luso lawo limapitirira kutali mageti ndi mashelefu amene anawalembera ntchito. Loweruka masana ndi Lamlungu ena a iwo amakhala kuseri kwa nyumba za lendi akupanga makina oumbira mabuloko a simenti, makina otongolera chimanga, mauvuni a mgolo ophikira buledi ndi masikono, kapena mabokosi ofungatira mazira. Malonda amenewa amabwerera m'mbuyo chifukwa cha kulemera kwa chitsulo. Makina amodzi amadya masabata angapo, amafuna mpamba wogulira zipangizo, ndipo kuti adutse pa Beitbridge, pa Nyamapanda ndi pa Mwanza mpaka kukafika ku Limbe, ndalama ya thiransipoti ndi ya msonkho imakhala itameza gawo lalikulu la phindu. N'chifukwa chake ena ayamba kufunsa ngati sizingatheke kugulitsa nzeru yopangira makinawo, chitsulocho wogula akadzipezere kwawo.

N'zotheka, koma mpofunika kumvetsa chimene wogula amalipirira. Munthu amene watumiza ndalama yake kuchokera ku Mzuzu kapena ku Polokwane sakufuna chithunzi chokongola cha makina, popeza zithunzi zili mbwee pa intaneti ndipo n'zaulere. Iye akulipira kuti asawononge zitsulo zimene inu munawononga pamene munkayesa koyamba, ndiponso kuti amalize makinawo popanda kukuimbirani foni pa bowo lililonse. Pulani yogulitsa ndi pepala limene limalowa m'malo mwa mmisiri pamene mmisiriyo palibe, ndipo zonse zimene zikutsatira m'nkhani ino zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Kufalitsa mapulani a makina si chinthu cha lero. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wina dzina lake Raúl Ramírez anapanga ku Bogotá m'dziko la Colombia makina a manja opanira njerwa za dothi otchedwa CINVA-Ram, ndipo zojambula zake zinayenda m'maiko ambiri kotero kuti amisiri akupangabe makina a mtundu umenewo mpaka pano. Ku America kuli gulu la Open Source Ecology, limene Marcin Jakubowski analiyambitsa mu 2003 ndi cholinga chopereka kwaulere mapulani a makina 50 ofunika pa moyo wa mudzi. Ndiye funso limabwera lokha, lakuti munthu angagulirenji pulani yanu pamene zaulere zilipo. Yankho lake lili m'miyezo ndi m'zipangizo, ndipo apa mpamene mmisiri wathu ali ndi mwayi umene wa kunja alibe.

Mapulani ambiri opezeka pa intaneti analembedwa ku America, kumene amayeza ndi mainchi. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo kachigawo ka 0.4 kameneka, kamene pa tepi sikaoneka ngati kanthu, kangathe kuimitsa ntchito yonse. Bering'i yofala kuno ya UCP205 ili ndi bowo la mamilimita 25, pamene inzake ya UCP205-16 ili ndi bowo la inchi imodzi, choncho amene wagula shafiti ya inchi potsatira pulani yakunja n'kugula bering'i ya kuno adzapeza kuti shafitiyo ikukana kulowa. Matabwa nawonso ndi chimodzimodzi, chifukwa thabwa limene Amereka amalitcha 2x4 kwenikweni ndi la mamilimita 38 kwa 89, pamene paini wogulitsidwa m'mahadiweya a ku South Africa amabwera m'miyezo monga 38 kwa 76 ndi 38 kwa 114.

Nkhani ya mota ndiyo imasokoneza ambiri. Magetsi a ku South Africa ndi a ku Malawi ndi a 230 V pa 50 Hz, pamene a m'nyumba za ku America ndi a 120 V pa 60 Hz, ndipo kusiyana kumeneku kumasintha liwiro la mota. Mota wamba amene ku America amazungulira pafupifupi ka 1,750 pa mphindi, mnzake wa kuno amazungulira pafupifupi ka 1,450. Ngati pulani yakunja ikunena kuti muike pule ya mamilimita 100 pa mota ndi ya mamilimita 250 pa shafiti, mwini pulaniyo ankayembekeza kuti shafiti izungulire ka 700 pa mphindi, koma kuno idzazungulira ka 580 kokha. Makina otongolera chimanga oyenda mwa ulesi chotero amasiya maso a chimanga pa chitsononkho, ndipo wopangayo angathe masiku akuganiza kuti walakwitsa mano a makinawo pamene cholakwika chili pa mapule. Pulani yolembedwa m'mamilimita, yowerengera mota wa kuno ndi zitsulo zimene zikupezeka ku Booysens kapena ku Area 2 ku Lilongwe, ndi katundu wina kwathunthu poyerekeza ndi yaulere ija.

Pali kanthu kena kamene kamaonetsa msanga ngati wolemba pulani anagwirapo galayinda. Zitsulo monga square tube ndi angle iron kuno zimagulitsidwa m'mitengo ya mamita 6. Wojambula wosazolowera amaika miyendo inayi ya mamilimita 1,500 uliwonse, n'kuwerengera kuti mtengo umodzi ukwana ndendende, kuiwala kuti disiki yodulira imadya chitsulo paliponse pamene yadutsa. Ngati disikiyo ikudya mamilimita atatu, kudula katatu kumachotsa mamilimita 9, mwendo womaliza umaperewera, ndipo wogula pulani ayenera kukagula mtengo wina wathunthu chifukwa cha kachidutswa kosakwana sentimita imodzi. Mmisiri wodziwa amafupikitsa miyendoyo kufika pa mamilimita 1,480, ndipo amaika m'pulani yake tsamba losonyeza mmene mtengo uliwonse uyenera kudulidwira kuti zotsala zikhale zochepa. Kwa ine, tsamba limeneli ndi lamtengo wapatali kuposa chithunzi cha makina omalizidwa, chifukwa ndi limene limapulumutsa ndalama ya wogula tsiku loyamba lenileni.

Kupatula tsamba lodulira, pulani yathunthu imakhala ndi chithunzi cha makina onse chokhala ndi manambala pa chiwalo chilichonse, kenako chojambula cha chiwalo chilichonse pachokha ndi miyezo yake yonse, kuphatikizapo kuchindikala kwa chitsulo, popeza square tube ya mamilimita 1.6 ndi ya mamilimita 3 zimaoneka zofanana kunja koma sizinyamula katundu wofanana. Payeneranso kukhala mndandanda wa zogula, monga mabawuti, manati, malamba ndi mabering'i, zotchulidwa ndi manambala amene wogulitsa m'sitolo amawadziwa. Chimene ambiri amachisiya ndi ndondomeko ya kawotchereredwe. Chitsulo chikatentha chimakoka, ndipo felemu imene yawotchereredwa mbali imodzi mpaka kumaliza imapindika, choncho pulani iyenera kunena malo oyamba kugwiriziza ndi timadontho, nthawi yoyeza ngodya ndi ngodya kuti muone ngati felemu ili sikweya, ndi nthawi yomalizitsa.

Ngakhale zonsezi zitalembedwa, mwini makina sangadziwe yekha ngati pulani yake yakwana, chifukwa mutu wake umadzaza mipata imene pepala lasiya. Ndinaziona izi pamene ndinkathandiza alamu anga, amene amawotcherera zitsulo, kuika pa kompyuta zojambula za makina awo oumbira mabuloko. Titamaliza tinagula zitsulo n'kuzipereka pamodzi ndi mapepalawo kwa bambo wina wachikulire wa ntchito yomweyo, ndipo tinagwirizana kuti alamuwo akhale pambali osalankhula. Ola lisanathe, bamboyo anaima ndi choko m'manja, nayang'ana pepala, nayang'ananso chitsulo, kenako anati, "Achimwene, bowo ili mwayeza kuchokera m'mphepete mwa chitsulo kapena pakati pake?" Alamu anafuna kudzuka kuti akaloze ndi chala, koma ndinawagwira mkono n'kuwauza kuti, "Alamu, wa ku Mzuzu uja simudzamulozera, lembani funsolo." Pofika madzulo kope lathu linali ndi mafunso odzaza tsamba, ndipo funso lililonse linali malo amene pulaniyo ikanamusiya wogula panjira. Zitsulo zoyeserazo zinatidyera ndalama, komabe sindingalangize munthu kugulitsa pulani imene sinadutse m'manja mwa mmisiri wachiwiri.

Zojambulira sizifuna mpamba waukulu. FreeCAD ndi LibreCAD ndi mapulogalamu aulere, ndipo amene sanazolowere kompyuta angathe kujambula bwino ndi rula pa pepala n'kupeza wachinyamata womuikira pa kompyuta, malinga agwirizane kaye mwa kulemba kuti zojambulazo mwini wake ndi ndani. Chofunika kukumbukira n'chakuti wogula wathu nthawi zambiri adzatsegula pulaniyo pa foni, ali pa fumbi, manja ali akuda, kapena adzaisindikiza pa pepala la A4 lopanda mitundu pamalo a fotokope. Choncho fayilo ya PDF ikhale yopepuka kuti isamalize bandulo, manambala akhale akuluakulu, ndipo tsamba limodzi lisapanikizidwe ndi ziwalo zambiri. Kwa ogula a kuno, amene angathe kupita kwa odula zitsulo ndi laser, kuwonjezera fayilo ya ziwalo za pleti ya mtundu wa DXF, umene makina odulirawo amawerenga, kumawathandiza kwambiri. Kufotokoza m'Chichewa ndi m'Chingerezi pa tsamba lomwelo kumatsegula misika iwiri ndi ntchito imodzi.

Posankha makina oyambira, ndi bwino kuyang'ana kumene kuli njala yeniyeni. Mu 2018 boma la Malawi linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi za malonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo kuyambira nthawi imeneyo oumba mabuloko a simenti achuluka m'matauni, onse akufuna zikombole ndi makina. Mabokosi ofungatira mazira nawonso amafunidwa, koma pulani yake iyenera kuphunzitsanso kagwiritsidwe, kuti dzira la nkhuku limaswa pa masiku 21, kutentha kukhale pafupifupi madigiri 37.5, kutembenuza kuleke pa tsiku la 18, ndiponso kuti mwini wake achite chiyani magetsi akazima, zimene kuno ndi kumudzi tonse tikuzidziwa bwino. Pali zinthu zina zimene ndikuona kuti munthu wochita malonda apambali asaziyandikire n'komwe. Matanki osunga mpweya wopanikizika, zipangizo za gasi, zonyamulira katundu m'mwamba ndi ngolo zokokedwa ndi galimoto pamsewu zikalakwika zimapha, ndipo ku South Africa zili ndi malamulo akeake. Mwachitsanzo, matanki a mpweya ali pansi pa Pressure Equipment Regulations za mu 2009, ndipo ngolo yopanga pakhomo siloledwa pamsewu isanayesedwe ndi kulembetsedwa.

Ngakhale makina ooneka ofatsa amadula zala. Lamulo loteteza ogula la South Africa, Consumer Protection Act la mu 2008, limawerengera uthenga wolembedwa ndi mafayilo a pa kompyuta m'gulu la katundu, ndipo gawo 61 limapereka udindo kwa wopanga ndi wogulitsa ngati katundu wavulaza munthu chifukwa cha chilema chake kapena chifukwa chosowa malangizo ndi machenjezo okwanira. Kulemba pansi pa tsamba kuti wogula adziwonere yekha sikufafaniza udindo umenewu. Chotchinga lamba ndi mapule chijambulidwe ngati chiwalo cha makina chokhala ndi nambala yake, chifukwa chikalembedwa ngati chowonjezera, wopanga adzachisiya pofuna kusunga lata, ndipo kumudzi amene amaima pafupi ndi makina otongolera chimanga ndi amayi ovala zitenje ndi ana.

Za umwini wa zojambula, lamulo la South Africa la Copyright Act la mu 1978 limateteza zojambula zaumisiri kuyambira pamene zajambulidwa, popanda kulembetsa kulikonse, kwa moyo wonse wa wojambula ndi zaka zina 50, ndipo ku Malawi kuli lamulo la mu 2016 limene bungwe la COSOMA limayang'anira. Chimene chimatetezedwa ndi chojambulacho, koma ganizo lakuti mabuloko angaumbidwe ndi makina otere ndi la aliyense. Lamuloli limaluma mbali zonse. Kutenga pulani ya wina pa intaneti, kusintha mainchi kukhala mamilimita n'kuikapo dzina lanu ndi kuba, ndipo mapulani aulere ena amaperekedwa ndi chilolezo choletsa kuwagulitsa. Kwa olembedwa ntchito pali msampha wina, wakuti zojambula zimene munthu wapanga monga gawo la ntchito yake, lamulo limati ndi za bwana. Amene amagwira m'fakitale ya makina apange pulani yake panthawi yake, ndi zipangizo zake, ndipo ikhale ya makina amene iye mwini anaganiza. Amene akukhulupirira kuti watulukira chinthu chatsopano kotheratu adziwe kuti patent, chiphaso choteteza chinthu chimene munthu watulukira, imene imalembetsedwa ku ofesi ya boma la South Africa ya CIPC ndipo imakhala zaka 20, imafuna kuti chinthucho chikhale chisanaonetsedwe poyera, kotero kuti kanema mmodzi wa pa Facebook angathe kutseka khomo limenelo.

Lamulo lili apo, koma zoona zake n'zakuti pulani yogulitsidwa kwa munthu mmodzi idzafika m'magulu a WhatsApp, ndipo palibe mmisiri wa ku Rosettenville amene angakwanitse kusumira munthu wa ku Kasungu chifukwa cha fayilo ya R200. Kusindikiza dzina la wogula pa tsamba lililonse kumachititsa ena manyazi, koma sikutseka njira. Chanzeru ndi kuika phindu pa zinthu zimene sizitumizika ndi chala chimodzi. Wogula weniweni amayankhidwa akafunsa, amalandira pulani yokonzedwanso ikatuluka, ndipo angathe kugula kwa inu ziwalo zovuta kupeza kumudzi, monga shafiti yosema kale, mapule ndi kachipangizo koyang'anira kutentha m'bokosi la mazira, zimene zimakwana m'katoni yaing'ono yokwera basi. Pulani yobedwa yokhala ndi nambala yanu ya foni pa tsamba lililonse nthawi zina imabwera ndi kasitomala wa ziwalozo.

Kalandiridwe ka ndalama kamasiyana malinga ndi msika. Kwa ogula a maiko akutali kuli malo ogulitsira pa intaneti monga Etsy, amene amalipiritsa masenti 20 a dola pa katundu aliyense woikidwa ndipo kuyambira mu 2022 amadula 6.5 peresenti pa malonda kupatula ndalama ya kalipiridwe, komanso Gumroad, amene amadula pafupifupi 10 peresenti. Malo amenewa amapereka fayilo okha kwa wogula ngakhale inu muli mtulo, koma mumapikisana ndi ojambula a dziko lonse. Ndalama za PayPal zakhala zikutulutsidwa kuno kudzera ku banki ya FNB kuyambira mu 2010, ndipo kwa ogula a mu South Africa muno pali makampani olandirira ndalama monga PayFast ndi Yoco, komanso kutumiza kwa pa banki. Msika wa kumudzi umayenda ndi Airtel Money ndi TNM Mpamba, zimene zikutanthauza kuti ndalamayo imathera m'Malawi momwemo. Kwa ambiri ichi si chovuta, chifukwa ndalama imene ikanatumizidwa pa Mukuru kukalipira fizi kapena kugula feteleza imakhala yafika kale. Kungoti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho mtengo wa m'makwacha uyenera kumaunikidwa kawirikawiri, ndipo sungafanane ndi umene wa ku Pretoria angalipire mosadandaula.

Tiyerekeze, mongopereka chitsanzo, kuti zitsulo za makina oyamba ndi za oyesera zadya R6,000, pulani mukuigulitsa R200, ndipo mukachotsa zodulidwa mukutsala ndi R180. Muyenera kugulitsa mapulani 34 kuti mpamba ubwerere, osawerengera masabata amene munakhala mukujambula. Makina awiri aja mukawagulitsa, chiwerengerocho chimatsika kwambiri, ndipo n'chifukwa chake malondawa amayenera munthu amene akupanga kale makinawo kusiyana ndi amene wangomva kuti pa intaneti pali ndalama. Ubwino wake umaoneka pambuyo pake, chifukwa pulani ya 35 ndi ya 200 sizifunanso chitsulo.

Pali nkhani ya mapepala imene sitingaizembe. Lamulo la Immigration Act la mu 2002 limamanga mlendo aliyense ku zimene zalembedwa pa chilolezo chake, ndipo chilolezo chogwira ntchito kwa bwana wina sichimangosanduka chochitira malonda, choncho ndi bwino kufunsa odziwa malamulo musanatsegule sitolo ya pa intaneti. Mabanki ndi makampani olandirira ndalama amafuna ziphaso pansi pa lamulo la FICA, lolimbana ndi ndalama zachinyengo, ndipo ndalama yopezeka pambali nayonso iyenera kuonetsedwa ku bungwe lotolera misonkho la SARS. Ena amazemba zonsezi pogwiritsa ntchito akaunti ya mnzawo, koma pa mapepala sitoloyo ndi ndalama zake zimakhala za mwini akaunti, ndipo tsiku limene mwayambana palibe kumene mungakadandaule.

Ogula sabwera chifukwa chakuti pulani yaikidwa penapake. Amabwera akaona makina akugwira ntchito, ndipo kanema wa mphindi imodzi wojambulidwa ndi foni, wosonyeza buloko likutuluka m'chikombole lili ndi ngodya zakuthwa, amakopa anthu kuposa mawu alionse otsatsira. Pamenepo mafunso amayamba kubwera nthawi iliyonse, ndipo ambiri ndi a anthu amene sadzagula. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo munthu amene akuyankha WhatsApp ali pa makwerero a bwana wake angataye ntchito imene ikumulipirira lendi. Kuika maola odziwika oyankhira, monga madzulo ndi Lamlungu masana, ndi kuwalemba pa tsamba loyamba la pulani kumateteza ntchito zonse ziwiri.

Mafunso a ogula enieni asungidwe m'kope monga tinachitira tsiku lija. Funso likabwera kawiri kuchokera kwa anthu osadziwana, ndiye kuti pepala ndilo lalakwa, ndipo tsamba limenelo lijambulidwenso. Pa ngodya ya tsamba lililonse palembedwe nambala ya kope la pulaniyo (loyamba, lachiwiri) ndi tsiku, kuti munthu akatumiza chithunzi cha chiwalo chimene chakana kulowa mudziwe msanga pulani imene ali nayo m'manja. Kope latsopano likatuluka litumizidwe kwaulere kwa onse amene anagula lakale, pamodzi ndi mzere umodzi wonena tsamba limene lasintha ndi muyezo umene wakonzedwa, kuti amene sanadule chitsulo chake asadule potsatira nambala yakale.